Tomato akufota masamba ali obiriwira ku Eikenhof, ndi matenda anji amenewa?

Bambo a Chisomo: Moni nonse apagulu. Ndabwera ndi vuto kuno ku Eikenhof pa puloti ija ndimachita lendi. Tomato wanga anali bwinobwino wayamba kale maluwa wina tizipatso, nde mvula yagwa yambiri ija ndikungoona mitengo ina masana yafota, usiku imadzuka mmawa ikuoneka bwino koma dzuwa likangokwera yagwanso, pano ina siikudzukanso olo mmawa. Chondidabwitsa masamba sanachite chikasu, ali obiriwira choncho koma ofota. Madzi ndikuthirira feteleza ndinathira. Ndigule mankhwala anji abale ndisanataye munda onse

Mphatso Diepsloot: Pepani achimwene. Gulani Dithane mupopere lero lomwe, abwana anga kuno amapopera yomweyo tomato akangoyamba kudwala

Che Saidi Tarlton: Zulani umodzi muone mizu kaye. Ngati mizu ili ndi timabunthu totupa ndi nyongolotsi zammizu zimenezo, kuno kufamu zimativutitsa malo amchenga

Bambo a Chisomo: Ndazula iwiri Che Saidi, umodzi uli ndi timabunthu pang'ono winawo mizu ili bwino koma onse afota chimodzimodzi

Madala Gondwe: Bambo a Chisomo musagule kanthu kaye, ndalamayo isungeni mthumba. Ine ulangizi ndinagwira ku Ntcheu mbali ya Tsangano uko ndipo kufota kwa masamba obiriwira ndinakuona kwambiri pa tomato ndi kachewere. Kufota si matenda amodzi mwana wanga. Pali kufota kwa fangasi, amati Fusarium, kumeneko masamba ammusi amayamba achita chikasu, nthawi zambiri mbali imodzi ya mtengo, ndipo mtengo umafa pang'onopang'ono. Pali kufota kwa nyongolotsi akunena Che Saidi. Pali kufota chifukwa madzi adikha mizu ikulephera kupuma. Ndiye pali kufota kwa bakiteriya komwe mtengo umagwa msanga uli obiriwira. Chitani ichi. Tengani tambula yagalasi yoonekera bwino, thirani madzi oyera. Dulani tsinde la mtengo wofota kumene, osati wouma kale, dulani pafupi ndi nthaka, mutsuke dothi, ndiye kachidutswako mukapachike kuti mbali yodulayo ingolowa m'madzi pang'ono osafika pansi. Tambulayo musayigwedeze. Dikirani mphindi 5 mpaka 10 mukuyang'ana pamalo owala mutiuze

Amayi a Favour: Ine ndikutsatira nawo, ndili ndi langa funso la kabichi koma ayambe athandizidwa bambowa

Bambo a Chisomo: Madala ndapanga. Mkati mwa tsinde muli mofiirira cha mmbali, ndipo sipanathe nthawi patuluka timizere toyera tikutsika m'madzi ngati utsi wa ndudu, pano madzi onse achita mbuu. Ndayesanso ndi mtengo wabwino sipakutuluka kanthu

Madala Gondwe: Mwachita bwino kuyesanso wabwinowo. Ndi bakiteriya ameneyo. Fangasi satulutsa zimenezo

Tadala Pretoria: Moni makolo anga, ndimakhala chete pagulu pano koma izi ndi zomwe ndikuphunzira ndiye ndiloleni ndiyankhulepo. Zomwe anena agogo a Gondwe ndi zoona, ifenso ku labu timayamba ndi tambula yomweyo tisanagwire makina aliwonse. Timizere toyerato ndi tizilombo tambirimbiri tikutuluka mmitsempha ya mtengo. Dzina lake ndi Ralstonia. Timalowa ku mizu makamaka pomwe pali bala, kaya la khasu popalira kaya pookera mbande kaya pomwe nyongolotsi zaboola, nde zomwe aona Che Saidi zija sizosiyana ayi, nyongolotsi zimatsegula njira. Tikalowa timaswana mmitsempha yokweza madzi nkumatulutsa zonanda zomwe zimatseka njira, madzi sakwera, nchifukwa chake mtengo ukufota chonsecho nthaka ndi yonyowa. Usiku kukazizira mtengo sufuna madzi ambiri nde umadzuka, mpaka tsiku lomwe mitsempha yatsekekeratu

Mphatso Diepsloot: Nde Dithane sangathandize achemwali?

Tadala Pretoria: Ayi achimwene. Dithane ndi mancozeb, ndi wa fangasi monga chiwawu chija cha masamba, ndipo amakhala pamwamba pa tsamba. Izi zili mkati mwa tsinde komanso munthaka. Olo mupopere kangati safikako

Bambo a Chisomo: Eee nde mankhwala ake ndi ati mwana wanga, tangondiuzani dzina ndikagula mawa

Tadala Pretoria: Bambo ndikuuzeni chilungamo, mtengo omwe wafota ndi Ralstonia sungachire, palibe chopopera. Chomwe mungapulumutse ndi mitengo yomwe sinagwidwe komanso nthaka ya mbali zina za pulotiyo. Zulani yodwalayo ndi mizu yomwe ndi dothi lake, muyike mthumba pompo osayenda nayo ikuyoyoka munda onse, osaponya pa kompositi komanso osataya mungalande kapena kudamu. Khasu ndi mpeni muzitsuka ndi Jik mukachoka pamalo odwala, nsapato nazonso. Ndipo muone madzi akuyenda bwanji, ngati odwalawo ali kumtunda madzi amvula akutsikira kwa abwinowo kumbani kangalande muwapatutse

Bambo a Chisomo: Madzi ndimapopa padamu laling'ono lomwe tonse a mapuloti timagwiritsa ntchito, ndimathirira mmizere

Madala Gondwe: Apo ndiye pamene pandidetsa nkhawa. Afunseni anzanuwo ngati kwawonso tomato kapena tsabola akufota. Kuthirira mmizere madzi amatenga matenda pamtengo uwu kukasiya pa uwo, mzere onse kutha. Kumudzi ndinkaona dimba lakumtunda likadwala akumunsi onse chaka chotsatira akulira

Mphatso Diepsloot: Ine ndinamva ena amasungunula makapisozi a amoxicillin nkuthira pamizu, poti ndi bakiteriya sizingagwire?

Tadala Pretoria: Chonde musayerekeze, ndikupempha ndithu. Choyamba sizichiza mtengowo. Chachiwiri mukuthira mankhwala a anthu munthaka ndi m'madzi momwe muli mabakiteriya ena ambirimbiri ndipo ndi mmene amazolowerera mankhwala, mawa mwana wadwala chibayo mankhwala omwewo osagwira. Kuno mankhwala aulimi amayenera kulembetsedwa pansi pa Act 36 ya 1947, mukayang'ana pa lebulo mupeza nambala yoyamba ndi L komanso mbewu ndi matenda omwe analembetsera. Ngati matenda anu palibe pamenepo musiyeni pa shelefu pomwepo olo ogulitsa akukakamizeni

Che Saidi Tarlton: Koma ine ndifunse. Ngati tambula yaonetsa kale nde labu ndi yachani? Anthufe ndalama zake zili kuti zopita ku Pretoria ndi mtengo wa tomato mmanja

Tadala Pretoria: Funso labwino Che Saidi. Tambula ikukuuzani kuti ndi bakiteriya wammitsempha, koma siikuuzani kuti ndi uti weniweni. Ralstonia yemweyo ali mmagulu 4. Gulu loyamba linachokera ku Asia, lachiwiri ku America, lachitatu ndi la kuno ku Africa, lachinayi ku Indonesia, ndipo mu 2014 akatswiri anawagawa kukhala mitundu 3 yosiyana mayina. Si nkhani ya mayina chabe. Pali wina wa gulu lachiwiri amene amakonda kachewere ndi tomato ndipo amapirira malo ozizira, ameneyo mbewu zomwe amagwira ndi zochepa. Pomwe a gulu loyamba amakonda kotentha ndipo amagwira mbewu zambiri, tsabola mabilinganya fodya mtedza ndi zina. Nde mukafuna kudziwa kuti pamalopo mudzalepo chani chaka chamawa, kapena mtundu wa tomato omwe akuti ndi opirira upiriradi pamunda panu, zimathandiza kudziwa kuti muli ndi uti. Komanso pali matenda ena a tomato, Clavibacter, nawonso amafotetsa koma iwo amabwera ndi njere ndipo amafala ndi manja potengulira ndi pomangirira. Mukasokoneza awiriwa mulimbana ndi nthaka chonsecho vuto lili ku nazale

Che Saidi Tarlton: Clavibacter ameneyo ndamudziwa, anatipeza mu ma tanelo chaka china. Masamba amapsa mmbali kupindikira mmwamba, tsinde kung'ambika, ndipo pa chipatso pamakhala timadontho tofiirira tozunguliridwa ndi koyera. Anatenga sampulo, zotsatira zitabwera tinachapa mawaya zingwe mathireyi chilichonse, ndipo kuyambira pamenepo munthu sulowa mzere wina osaviika sizasi mmankhwala. Nde ndavomera, koma kufamu ndalama ilipo, nanga wa puloti

Madala Gondwe: A puloti asonkherane. Ngati damu ndi limodzi vuto ndi limodzi. Ku Malawi tinkatumiza ku Bvumbwe kapena ku Chitedze kudzera kwa alangizi, mlimi payekha samapita

Tadala Pretoria: Kuno kuli ARC, bungwe lofufuza za ulimi, ku Roodeplaat kumpoto kwa Pretoria, ali ndi mbali yoona za masamba komanso yoona za matenda ndi tizilombo ta mbewu, amayeza masampulo. Muyimbe kaye mufunse mtengo ndi fomu musananyamuke. Ndipo sampulo ikhale yoyenera chifukwa apa ndi pomwe anthu ambiri amataya ndalama, amabweretsa mtengo owuma kale kapena owola mu pulasitiki yotentha. Mtengo ukafa mumalowa tizilombo tina tongodya zowola nde timakwirira weniweniyo. Tengani omwe wangoyamba kufota, onse ndi mizu, mizu ndi dothi mumange mu pulasitiki payokha, kumtundako mukulunge ndi nyuzi youma, osathira madzi, sungani pozizira ndipo mukapereke kumayambiriro kwa sabata. Lembani mtundu wa tomato, mbande munagula kapena munafesa nokha, madzi mumatenga kuti, chaka chatha panali chani

Nabanda Turffontein: Tadala mwana wanga tandiuze, kulabuko mumapanga chani kwenikweni? Ine ndimangoganiza kuti mumayika pa maikulosikopu nkuona dzina

Tadala Pretoria: Anti pa maikulosikopu pafupifupi onsewa amangooneka timitengo ting'onoting'ono tofanana, simungasiyanitse. Nde timayenda pang'onopang'ono. Timadula pamalire pomwe odwala akukumana ndi abwino, kutsuka kunja kwake, kuphwanyira mmadzi owiritsa nkupaka pa timbale tokhala ndi chakudya cha tizilombo. Pakatha masiku 2 kapena 3 timamera timagulu. Chakudyacho chimasiyana malinga ndi amene tikumuganizira. Ralstonia timayika pa chomwe anakonza wasayansi wina dzina lake Kelman mu 1954, pamenepo amamera otakasuka oyera pakati pofiirira pang'ono, ndipo amene wataya mphamvu yodwalitsa amamera ang'ono ofiira kwambiri. Bakiteriya wina, Xanthomonas, amamera achikasu onanda. Pseudomonas wa timadontho takuda pa tomato nyengo yozizira timamuyika pa chakudya chotchedwa King's B, mukawalitsa ndi nyali ya UV amawala. Mabakiteriya owoletsa mbewu amakumba timaenje pa chakudya chokhala ndi pectin, chomwe chimamatira nyama ya mbewu. Kenako pali kuyeza kwa Gram, njira yakale ya 1884 koma mpaka pano timayigwiritsa ntchito, kapena chidule chake, dontho la mankhwala otchedwa KOH a 3% nkusakaniza ndi tizilomboto, tikachita ulusi pokweza ndi gulu lina, tikapanda ndi lina. Clavibacter sachita ulusi, enawo amachita, nde pompo mwasiyanitsa kale. Timabayanso tsamba la fodya, ngati pakutha maola 24 pamalopo pauma ndiye kuti ndi kachilombo kodwalitsa zomera. Mapeto ake ndi PCR, njira yochulukitsa DNA ya kachilomboko, ndi kuwerenga DNA imeneyo, apo nde timadziwa mtundu ndi gulu. Koma ngati ndi zachilendo sitimalekera pomwepo, timatenga kachilomboko nkudwalitsa mbewu yabwino dala, ionetse zizindikiro zomwezo, nkukapezanso komweko mkati mwake. Popanda zimenezo ungathe kunamizira kachilombo kongodutsa

Nabanda Turffontein: Eee ntchito ilipo. Zikomo mwana wanga

Madala Gondwe: Ndipo dziko lino pa nkhani imeneyi si lachibwana. Matenda a madontho pa tomato ndi tsabola a Xanthomonas aja, amene anawalongosola koyamba cha mma 1920 anali mayi, Ethel Doidge, akugwira ntchito ku Pretoria komweko. Tadala limbikira, ukabwerere ku Bunda ukaphunzitse ana athu

Amayi a Favour: Nde ndilowe langa lija. Kuno ku Orange Farm kabichi ndi repu wanga masamba akuchita chikasu kuyambira mmphepete kulowa mkati ngati chilembo cha V, kenako kuuma. Anzanga akuti ndi kuchepa feteleza ndawonjezera LAN koma zikungopitirira makamaka matalala atagwa aja

Madala Gondwe: Mayi thyolani tsamba muliyang'anitse kudzuwa, mitsempha mkati mwa V mo ndi yakuda?

Amayi a Favour: Yakuda ndithu, ndadulanso phesi mkati muli kamzere kakuda kozungulira

Tadala Pretoria: Ameneyo ndi Xanthomonas campestris amayi, matenda akulu a kabichi dziko lonse lapansi. Mmphepete mwa tsamba muli timabowo tomwe mmawa mumaona timadontho tamadzi, dzuwa likatuluka madzi ena amabwerera mkati nde tizilombo timalowa nawo, nchifukwa chake zimayambira kumphepete. Matalala a kuno ku Joni amawonjezera mabala nde zimathamanga. LAN musiye kaye, masamba anthete ndi omwe amagwidwa msanga. Musalowe mmunda mame asanaume chifukwa zovala ndi manja zimanyamula, ndipo ngati mumathirira ndi sipulinkila kapena keni pamwamba yesani kuthirira pansi. Mankhwala a kopa amachepetsa kufala pamasamba omwe sanagwidwe koma zomwe zalowa kale mmitsempha sachotsa. Mukakolola zotsalira mukwirire ziwole msanga, ndipo pamalopo pakhale zaka 2 kapena 3 popanda kabichi repu chainizi kapena mpiru, onsewa ndi pachibale

Amayi a Favour: Mayo ine, nanga repu ndi amene amandipatsa ya tsiku ndi tsiku. Malo ndi ochepa mwana wanga

Che Saidi Tarlton: Gawani mabedi mayi, mbali ina sipinachi ndi anyezi, bitiruti, bonongwe amayenda malonda kwa anthu akwathu komanso a ku Zimbabwe amagula. Repu azizungulira

Nabanda Turffontein: Ine sindilima koma zimandikhudza. Ndikakapikula ku City Deep nyengo yotentha ino thumba la kachewere kapena kabichi pamwamba pabwino, ndikafika pa tebulo pakati pali imodzi yaphwetekera madzi onunkha, pofika mawa zoyandikana nazo zayambanso. Ndi zomwezi?

Tadala Pretoria: Ndi bakiteriyanso anti koma wina, Pectobacterium, kale ankati Erwinia. Iyeyu amasungunula zomatira nyama ya mbewu nde zonse zimangosanduka phala lamadzi. Amafuna bala, chinyezi ndi kutentha, komanso malo opanda mpweya. Kuno ku South Africa mtundu omwe umavuta kwambiri pa kachewere ndi Pectobacterium brasiliense. Mukafika khuthulani thumba lonse musankhe, yowola itayidwe kutali, zonyowa ziume pamthunzi podutsa mphepo, osazisiya mu pulasitiki yomanga kapena pansi pa tenti padzuwa. Komanso kuwaza madzi a mu ndowa imodzi tsiku lonse kuti masamba aoneke atsopano, ndowa imeneyo muzisintha madzi

Nabanda Turffontein: Za ndowazo nde tonse pamsewu pano timatero, ndiwauza anzanga

Bambo a Chisomo: Abale ndazungulira kwa aneba. Awiri akuti tsabola ndi mabilinganya awo akufotanso chimodzimodzi, mmodzi ankazula nkumataya mmbali mwa damu. Tagwirizana tikumane Lamlungu tisonkhe yotumizira sampulo. Koma pamalo odwalapo ndidzalepo chani, poti lendi ndalipira mpaka chaka chamawa

Madala Gondwe: Chimanga. Chachiwisi chimagulidwa kuno. Anyezi, kabichi, karoti nazonso. Koma tomato kachewere tsabola mabilinganya ayi, kwa zaka zingapo osati nyengo imodzi, chifukwa kameneka kamakhalitsa munthaka yonyowa ndi mmizu ya maudzu ena. Ndipo mnadzi uja timausiya dala mmunda kuti tizithyola ndiwo, ameneyo ndi mbale wake wa tomato, amasunga matenda iye osaoneka odwala. Muzule. Kachewere omera yekha nayenso muzule

Mphatso Diepsloot: Mnadzinso? Nde ine ndinabwera ndi njere zake pa basi kuchokera ku Dedza pamodzi ndi kachewere wambewu pang'ono

Tadala Pretoria: Kacheweretu ndi amene ali oopsa achimwene, amatha kunyamula Ralstonia mkati akuoneka wabwinobwino, makamaka ochokera malo ozizira ngati Dedza, nde mukamudzala kotentha matenda nkudzuka. Dulani angapo pakati muone, ngati pali mzere ofiirira ozungulira ndipo mukafinya pakutuluka zoyera musadzale, koma olo osaoneka kanthu sizitanthauza kuti alibe. Mbewu yodutsa malire imafuna chilolezo ndi satifiketi yoti yayezedwa, ndipo chifukwa chake ndi chimenechi. Mudye ameneyo, makoko musataye mmunda mwa abwana, wodzala mugule wa satifiketi konkuno. Zimapitanso mbali inayo, tikamatumiza mbewu kumudzi tisamatumize zongotola

Amayi a Favour: Tadala njere za repu ndi mpiru ndimasunga ndekha kuchokera mmunda momwemu, nde zikhala ndi matendawa?

Tadala Pretoria: Zitha kukhala nawo amayi, Xanthomonas wa kabichi amayenda ndi njere ndipo njere zochepa zodwala zimakwana kudwalitsa nazale yonse. Za mmunda odwalawu musasunge chaka chino. Zina zosunga nokha pali njira ya madzi otentha koma imafuna thermometer, osati kuyesa ndi chala. Mangani njere momasuka mu kansalu, muviike kaye mmadzi ofunda a 37°C mphindi 10, kenako mmadzi a 50°C, kabichi ndi tomato mphindi 25, chainizi 20, mpiru 15, mukutakasa ndi kuonetsetsa kuti kutentha sikukukwera kapena kutsika. Mukachotsa muviike mmadzi ozizira mphindi 5 nkuyanika pamthunzi. Mukapitiriza kutentha njere zimafa, mukachepetsa tizilombo sitifa. Zogula mu paketi zopakidwa kale mankhwala amtundu zija musaviike, ndipo njere zakale yesani zochepa kaye muone ngati zimera

Amayi a Favour: Thermometer yake ngati ya kuchipatala ija?

Che Saidi Tarlton: Ayi mayi ya kuchipatala imathera cha pa 42, mufune ya kukhitchini yokhala ndi kachitsulo kosongoka, imapezeka mmashopu a ziwiya. Mugwiritse poto wamkulu madzi ambiri sazizira msanga, ndipo mukhale ndi ketulo pambali yowonjezera pang'onopang'ono

Amayi a Favour: Chabwino ndikayang'ana Loweruka ndikapita mtauni. Repu nde mphindi zingati poti simunamutchule

Tadala Pretoria: Repu muyike pa 20 ngati chainizi, koma poti njere zanu ndi zosunga nokha yambani ndi kasupuni kamodzi, mufese pa thireyi pambali pa zosaviika mufananize kameredwe musanaviike zonse